Paini wa mkamwini

Kuno ku Chongoni tili bwino, mvula yagwa yonyowetsa nthaka ndipo ambiri tadzala kale chimanga. Lero ndilemba zazitali, amene muli ndi mayunitsi ochepa mundikhululukire. Nkhani yake ndi ya kamtengo kaja kali pakhonde panga. Inu odutsa popita kumjigo mumakadziwa, ndipo ena mumandiseka mukandipeza m'mawa ndikuzunguliza mphika wake ngati ndikuwothetsa khanda padzuwa. Agogo ena anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi abambo, paini wanuyu zipatso zake tidzadya liti?" Tinaseka tonse. Koma yankho lenileni sindinaperekepo kwa munthu. Ndaganiza zolipereka lero, poti Loweruka likubwerali kamtengoka kakutuluka mumphika.

Ndiyambire kwa malemu bambo anga. Iwo anagwira ntchito kunkhalango ya Chongoni zaka zambiri. Osati ya muofesi ayi, ya manja: kuthira dothi m'machubu kunazale, kusenza mbande kukwera nazo phiri, kulambula njira zotchinga moto chilimwe chikamayandikira. Malaya awo ankanunkhira utomoni ngakhale amayi atawachapa kawiri. Anzanga amene tinali limodzi kupulaimale mukukumbukira mmene kunalili. Ukalowa m'mitengo muja masana kunkakhala ngati kukuda, pansi pofewa ngati matiresi, ndipo mphepo ikamawomba unkamva ngati mtsinje ukulira patali. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma za paini ndinaziphunzira ndili wamng'ono, ndikuthandiza bambo kusanja machubu Loweruka.

Paini amene wachuluka kunoyu, wa masamba ogwera pansi ngati tsitsi, si wa kuno. Mnyamata wina wophunzira pakoleji ya zankhalango ili pafupi nafeyi anandiuza kuti dzina lake la m'mabuku ndi Pinus patula, ndipo kwawo ndi kumapiri a ku Mexico. Anabwera naye azungu nthawi ya atsamunda pofuna matabwa, iye n'kukonda kuzizira kwa Dedza, Zomba ndi Chikangawa. Nditamva ndinati, eee, ndiye kuti nayenso ndi wobwera ngati ine.

Nditero chifukwa ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera mu 1996. Ana obadwira m'tauni mwina simukudziwa bwino tanthauzo lake. Kwathu kuno munda ndi wa mbumba ya mkazi, ndipo ouyang'anira ndi alongo ake, amalume a ana. Mwamuna umalima, umamanga nyumba, umamanga nkhokwe, koma mtengo wokhalitsa sudzala wamba, chifukwa mtengo umalankhula. Umauza anthu kuti malo ano ndi a uje. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: palibe munthu pamudzi pano anandiletsapo kudzala mtengo. Ndinadziletsa ndekha. Ndili mnyamata ndinaona m'bale wa bambo anga amene anadzala mango ndi bulugamu kuchikamwini. Mkazi wawo atamwalira, anabwerera kwathu ndi khasu, bulangete ndi wailesi basi. Mitengo yonse inatsala. Ankakonda kunena kuti mlendo ndi mame, ndipo mawu amenewa anakhazikika mumtima mwanga.

Bambo anatisiya mu Ogasiti 2016. Bokosi lawo linali la matabwa a paini, ndipo akalipentala akupala matabwawo fungo lija linandigwetsa misozi kuposa nyimbo za amayi a mvano. Chaka chomwecho moto unadutsa mbali ina ya phiri, komwe mitengo yambiri inali itachekedwa kale. Mu Januwale 2017 ndinapita kumeneko kukaona bowa, ndipo m'mphepete mwa njira ndinapeza timbande ta paini tomera tokha paphulusa, kutalika ngati chala. Bambo ankanena kuti kutentha kumatsegula zipatso zouma zija mbewu n'kugwa. A zankhalango mundikhululukire, ndinazula kamodzi ndi mpeni, pamodzi ndi dothi lake. Kanali poti ng'ombe zikanakaponda ndithu.

Nditafika pakhomo ndinaima pabwalo nditakagwira m'manja, kuyang'ana uku ndi uku. Mayi akunyumba anandifunsa, "Mudzala pati?" Ine ndinati, "M'chitini." Iwo anangoti kaya zanu izo, n'kupitiriza kupeta. Chimene sindinanene n'chakuti: m'chitini, kuti tsiku lochoka likadzakwana ndidzanyamule.

Kuyambira pamenepo kamtengoka kasamuka katatu. Kanachoka m'chitini kupita mundowa yobooka, kenako mumphika waukulu wadothi umene anandiumbira mayi ena a kutsidya. Yokongola ija ya ku Dedza Pottery ndinakaiona, koma thumba langa linakana. Ambiri mwandifunsa kuti ndimatani kuti mtengo woyenera kupitirira denga la tchalitchi ukhale wofika pachifuwa patatha zaka 8. Ndifotokoze, mwina wina athandizika.

Choyamba ndi dothi. Musatenge la kudimba kapena la pachulu lokha. Paini amafuna dothi la pansi pa paini mnzake wamkulu. Mukapalasa masamba owola mupeza timaulusi toyera ngati nkhungu. Bambo ankati amenewo ndi mizu ya bowa, ndipo imagwirana ndi mizu ya paini n'kumaithandiza kuyamwa chakudya. Kunazale sankathira machubu popanda kusakaniza dothi limenelo, chifukwa mbande yopanda ilo imachita chikasu n'kupinimbira. Ine ndimasakaniza mbale ziwiri za dothi la m'paini, mbale imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi kadzanja kamodzi ka manyowa owolerana bwino. Phulusa la kukhitchini musathire, sagwirizana nalo.

Chachiwiri ndi madzi. Paini wa mumphika amafa ndi madzi ochuluka msanga kuposa ndi ludzu. Mphika ukhale ndi mabowo pansi, muikemo mapale kaye musanathire dothi, ndipo muukhazike panjerwa ziwiri. Njerwazo zimathandiza patatu: madzi amatuluka, chiswe mumachiona chikamakwera, ndipo mizu siyituluka pabowo n'kulowa m'nthaka mwakabisira. Ndisanathirire ndimalowetsa chala. Chikatuluka ndi dothi lonyowa ndimasiya. Mu Okutobala ndimathirira tsiku ndi tsiku madzulo, mu Juni ndi Julayi mwina kawiri pasabata, ndipo mvula ikachita mvumbi ndimaukokera pansi pa tsindwi. Madzi otsukira mbale sapitamo.

Chachitatu ndi dzuwa. Uwu si mtengo wa pamthunzi. Chisanu chathu cha Dedza sauopsa, chiperoni ndiye amakondwa nacho, koma ukasowa dzuwa umafooka. Kuzunguliza kumene mumandiseka kuja n'chifukwa chakuti mtengo umatsatira kuwala. Mukausiya mbali imodzi umapendekeka, nthambi za kukhoma n'kuyamba kuyoyoka. Ndiye Lamlungu lililonse ndisanapite kutchalitchi ndimautembenuza pang'ono.

Chachinayi ndiye chinsinsi cha kufupika kwake. Nsonga zatsopano zikatuluka, zanthete zooneka ngati makandulo, ndimazitsina ndi zala, kuchotsa theka. Sizasi ayi, imadula masamba pakati n'kufiiritsa nsonga zake. Ndipo chenjerani: paini si bulugamu. Bulugamu mukamudula amaphukira pachitsa, koma paini mukadula nthambi mpaka posakhala masamba obiriwira, nthambiyo yatha basi. Ine ndinaphunzira mochedwa. Mukayang'ana kumanzere kwake muona kachitsa kouma, ndi ntchito ya chikwanje changa mu 2019.

Kenako pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, kumapeto kwa nyengo yozizira, ndimautulutsa mumphika n'kudula mizu imene yazungulira m'mbali, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Dothi lakale la pakati sindigwedeza, ndimangowonjezera latsopano m'mbali. Ukatero umakhala sabata ziwiri pamalo opanda mphepo yambiri. Ntchito imeneyi sindiikonda. Nthawi iliyonse ndikagwira mpeni ndimamva ngati ndikuulakwira.

Masamba akale a mkati akafiira n'kugwa musadandaule, ndi chikhalidwe chake. Dandaulani nsonga zikayamba kufiira, kapena mukaona toyera ngati thonje m'tsinde mwa masamba, zimenezo ndi nsabwe. Achikulire mukukumbukira mmene mikungudza ya m'mipanda inaumira nsabwe zina zitalowa m'dziko muno mu 1986. Bambo ankabwera kuntchito ali khuma nthawi imeneyo. Za paini ndi mtundu wina, koma nazonso zimayamwa. Ine ndimatsuka ndi kamswachi kakale ndi madzi a sopo pang'ono, kenako n'kutsukuluza ndi madzi oyera.

Zolakwa ndachita zambiri. Chaka china nditatha kuthira chimanga kunatsala yuleya m'thumba, ndiye ndinati mwanangayu nayenso adye. Ndinathira dzanja lathunthu. Pasanathe sabata nsonga zonse zinapsa ngati zawauka ndi moto. Ndinathira ndowa zitatu za madzi kuti feterezayo atuluke pansi, ndipo kamtengoka kanatenga miyezi kuti kabwerere. Mumphika chakudya chilibe kothawira, chochepa chimakwana.

Mu 2022, feteleza atakwera mtengo, kunadutsa mlendo wochokera koona zojambula za pamiyala ku Chencherere. Paja malo athuwa a UNESCO anawaika m'kaundula wa dziko lonse mu 2006, ndipo malo ojambulidwa alipo 127, ngakhale enafe sitinafike ngakhale khumi. Mlendoyo anaima kupempha madzi, n'kuona kamtengoka. Anandionetsa pafoni mitengo ya ku Japan imene amaitcha bonsai, ina yokhala m'mbale zaka zoposa 100. Kenako anatchula ndalama zoti ndikanagula thumba la feteleza. Ndinakana. Usiku umenewo nsima inabwera popanda mawu, ndipo sindiwaimba mlandu mayi akunyumba, chifukwa chimanga chaka chimenecho chinaonekadi njala.

Tsopano nkhani ya Khrisimasi ya 2023. Mwana wanga wa ku Area 25, ndikudziwa ukuwerenga, usakwiye, tinakambirana kale kuti ndilemba. Anandiimbira kuti, "Adadi, mutibwerekeko paini wanu uja, ana aone mtengo weniweni osati wapulasitiki." Zidzukulu nazo zikukuwa pafoni, agogo, agogo! Ndikanakana bwanji? Ndinaukweza pangolo mpaka pamsewu wa M1, n'kulipira mpando wake wake muminibasi. Pachithunzi chimene ananditumizira unakongola zedi, timagetsi tikuthwanima, thonje m'nthambi. Koma unakhala pabalaza masabata atatu, mawindo otseka, kutentha kwa Lilongwe, ndipo mwana aliyense ankauthirira mwachikondi m'mawa ndi madzulo, mphika uli m'beseni kuopa kunyowetsa simenti. Unabwerako wachikasu, dothi likununkha ngati dambo. Nditaukhudza masamba anayoyokera m'manja.

Sindinakalipe, poti cholakwa chinali changa, sindinawauze. Ndinautulutsa, kudula mizu yakuda yowola, kupita kuphiri kukatenga dothi la m'paini latsopano, n'kudikira. Nthambi ziwiri zapansi zinapita. Mwezi wa Epulo ndi pamene ndinaona kansonga kobiriwira kakutuluka pamwamba, ndipo ndinaitana mayi akunyumba ngati mbuzi yaswa mapasa. Inu a m'tauni amene mumagula mitengo yamoyo ya Khrisimasi, imvani: m'nyumba isapitirire masiku ochepa, ikhale pafupi ndi windo, beseni la pansi muzikhuthula, ndipo chikondwerero chikatha ibwerere panja.

Chaka chino mu Ogasiti inakwana nthawi yodulanso mizu. Nditautulutsa ndinapeza dothi latsala pang'ono, mizu yokhayokha yopotana ngati nkhata, kuzungulirazungulira kufuna potulukira. Ndinakhala pansi ndi mpeni m'manja osayamba. Mayi akunyumba anali pamkeka akusankha nyemba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Abambo, kodi mtengowu mudzauzunza mpaka liti?" Ine ndinati ndi mmene amasamalira mtengo wa mumphika. Iwo anati, "Sindikunena za kasamalidwe. Ndikunena kuti mwakhala pano zaka 29. Ana anayi munabereka pano, mmodzi tinamuika kumanda a pano. Nyumba iyi njerwa zake munaumba ndinu. Inu mukuganiza kuti sindinadziwe chifukwa chimene munaudzalira m'chitini?"

Abale, ndinasowa chonena. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndi chinsinsi changa. Koma iwo anadziwa tsiku lomwe lija akupeta, ndipo anasunga mumtima zaka 8, akuona mwamuna wawo akuthirira katundu wa paulendo m'mawa uliwonse pakhonde pawo. Sindinaganizepo kuti kamtengo kamene kankanditonthoza ine kankawabaya iwo. Tsiku limenelo mizu sindinadule. Ndinangoubwezera mumphika, kuthira dothi pang'ono m'mbali.

Patapita masiku anayi kunabwera alamu anga aakulu, eni mbumba, ndi ndodo yawo. Ndinadziwa kuti atumidwa. Titapatsana moni anati, "Alamu, tiyeni tiyende." Tinapita kumalire a munda, kumtunda kumene madzi amayambira kukokolola. Analoza ndi ndodo n'kunena kuti, "Apa. Mukumbe apa. Ndipo musadzale umodzi, mudzale mzere wonse mpaka pamwala paja. Akadzafunsa munthu mudzati ndinaloza ndine, ndipo ndikanena pamaso pa amfumu kuti ana amve." Kenako anaseka n'kuti, "Ife tinkadabwa kuti mwana wa munthu wa kunazale bwanji sadzala mitengo. Tinkayesa ulesi." Taonani, iwo ankandiyesa waulesi, ine ndinkawayesa oti adzandithamangitsa, ndipo palibe anafunsa mnzake.

Sindikunena kuti mwambo wathu ndi woipa, kapena kuti mantha a akamwini ndi opanda pake. Zimene zinawachitikira abale a bambo anga zinachitikadi, ndipo zikuchitikabe m'midzi ina. Koma yang'anani mapiri athu mmene ayerera, yang'anani mtunda umene amayi akuyenda kufuna nkhuni. M'midzi muno muli amuna angati odziwa kudzala amene manja awo ndi omangika ngati anga? Inu eni mbumba, ngati mlamu wanu wakhala nanu bwino, musadikire kuti apemphe, sadzapempha. Mutengeni mukamulozere. Ndipo inu akamwini anzanga, funsani. Ine kusafunsa kwandidyera zaka zoti bwenzi pano ndikucheka matabwa a denga la mwana wanga.

Za Loweruka ndakonzeka. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye tili m'nthawi yake. Dzenje ndakumba kale, lotambalala kuposa mphika kawiri, kutali ndi nyumba chifukwa paini akakula mizu yake siyigwira kwambiri pamphepo yamkuntho. Mizu yopotana ija ndidzaimasula ndi zala, yokanika ndidzaicheka pang'ono, apo ayi idzapitiriza kuzungulira m'nthaka n'kudzipotokola yokha. Ndidzathira dothi la m'paini, kuzika mtengo wouchirikiza, n'kumanga kampanda ka minga. Mbande zina 30 za mzere uja ndagula kunazale.

Ndisakunamizeni, mwina sugwira. Mtengo wokulira mumphika zaka 8 uli ngati nkhuku ya m'khola, kutchire imasowa poyambira. Ngakhale utagwira sudzawongoka ngati anzake, thabwa labwino sudzatulutsa, ndaupinda kwambiri. Mbande zatsopano zija zidzaupitirira pasanathe zaka zitatu. Ndipo ndikudziwa kuti Lamlungu m'mawa ndidzatuluka pakhonde manja ali m'malere, kusowa chozunguliza. Koma ndikufuna mizu yake ilawe nthaka ya pamudzi pano ine ndikadali ndi maso.

Mphika sindiutaya. Mdzukulu wanga wamkulu akubwera kutchuthi, ndipo ndamusungira kambande kamodzi. Ameneyo adzadzala mumphika chifukwa chokonda kukongola kwake basi, osati chifukwa changa chija. Ndidzamuphunzitsa kulowetsa chala m'dothi monga anandiphunzitsira agogo ake aakulu.

Ndiye apamudzi, Loweruka m'mamawa bwerani ndi makasu, thobwa mayi akunyumba ayamba kale kukonza. Agogo munafunsa za zipatso aja, mubwere mudzakhale pamwala muzitiyang'anira. A m'tauni zithunzi mudzaziona pompano. Ndipo inu eni mbuzi zitatu zija zimayenda zosamangidwa kumtunda, mukudzidziwa, sinditchula dzina: chonde zingwe zilipo pamsika wa Chimbiya.